Kusintha bizinesi ya matemba si masewera pa Kachulu

Amene anafikapo pa doko la Kachulu, kwa Mfumu Yaikulu Mwambo m'boma la Zomba, amadziwa kuti malonda kumeneko sadikira dzuwa. Mabwato akamakocheza kuchokera ku chilumba cha Chisi ndi ku zimbowera, amayi amakhala atafika kale ndi mabeseni awo kudzapikula matemba, makumba ndi milamba.

Koma bizinesi imeneyi ili ndi bwana wovuta. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula ikavuta kwa zaka zingapo zotsatizana, mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe imachepa mphamvu, nyanja nkuyamba kuthawa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi 2018 madzi anathawanso malo aakulu. Aliyense wochita malonda pano amakakamizika kusintha kachitidwe kake, afune asafune. Chimene chimasiyana ndi yemwe akutsogolera kusinthako komanso mmene akukutsogolerera.

Phunziro loyamba linabwera mu 1995. Nyanja itauma, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje. Zikanathera pomwepo, madzi akanabwerera m'nyanja yopanda mbewu. Nthambi ya boma yoona za nsomba inalibe anthu okwanira kulondera dziwe lililonse, choncho inapita kwa mafumu ndi anthu a m'midzi. Anagwirizana zoletsa makoka ndi katupe, mankhwala a zitsamba ophera nsomba, m'mitsinjemo, ndipo makomiti a m'midzi ndiwo ankalondera. Madzi atabwerera, nsomba zinaswananso.

Apa mpomwe panayambira makomiti a m'madoko pa Chilwa, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 linatsegula khomo loti anthu azitenga nawo mbali posamala nyanja. Chinathandiza nchakuti aliyense ankaliona vutolo ndi maso ake. Panalibe chifukwa chochita kumunyengerera munthu amene bwato lake lakhala pamatope.

Nsomba zitachuluka, mgwirizano uja unayamba kulobodoka. Eni makoka, makamaka oyendayenda ochokera kwina, ankadandaula kuti malamulo akupangidwa iwo kulibe chikhalirecho ndiwo amalipira chindapusa. Funso loti mphamvu zili kwa ndani, kwa mfumu, kwa komiti kapena kwa mlangizi wa boma, linakhala likuvuta. Ndipo mwini khoka amene sanafunsidwe maganizo ake pa nyengo yotseka nyanja amavomera masana pamsonkhano, usiku nkukaponya khoka lake.

Phunziro lachiwiri ndi la amayi. Kwa nthawi yaitali matemba ankayanikidwa pansi kapena pathandala poyera. Fumbi, ntchentche, nkhuku, zonse zinkalawako. M'dzinja mtambo ukangochita mdima, mpamba wa mayi unkatha kuwola tsiku limodzi.

Mu 2010 munayamba ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kulimbana ndi kusintha kwa nyengo. Inkayendetsedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College, WorldFish komanso nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM, ndi thandizo la dziko la Norway. Mwa zina, ntchitoyi inabweretsa mashedi a pulasitiki oumitsiramo nsomba ndi kutentha kwa dzuwa, komanso mauvuni owambira nsomba osatha nkhuni zambiri. Kachulu anali amodzi mwa madoko amene magulu a amayi analandira zipangizozi.

M'shedimo mvula silowa, ntchentche sizifika, ndipo matemba amatuluka oyera, opanda mchenga wolumitsa mano. Amayi anayamba kuwalongedza m'mapaketi nkumakagulitsa m'masitolo a m'tauni pamtengo wabwinopo kusiyana ndi wa pamulu.

Komabe shedi ndi pulasitiki ndi mitengo chabe. Kusintha kwenikweni kunali m'mitu ya anthu. Mayi amene anazolowera kupikula yekha, kuyanika yekha ndi kumanga ndalama yake pansonga ya chitenje, tsopano ankafunika kulowa m'gulu lokhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Ankafunika kudikira tsiku lake loyanika. Ankafunika kuvomera kuti kandalama kena katsale m'thumba la gulu kaamba koti pulasitiki ikang'ambika ndi mphepo, wa pulojekiti sadzakhalapo mpaka kale.

Ndiye palinso nkhani ya msika. Wopikula wa pa doko amalipira pompopompo, pomwe wa sitolo amafuna katundu wofanana nthawi zonse, wolemera mofanana, ndipo nthawi zambiri ndalama imabwera pambuyo. Kwa mayi amene ana ake akudikira ufa madzulo omwewo, mtengo wabwino wa sabata yamawa sukoma ngati ndalama yochepa ya lero. Wapampando amene saimvetsa mfundo imeneyi amafulumira kunena anzake kuti ndi osamva, pomwe vuto lili pa mphika. Wanzeru amayamba wakonza kuti ena mwa matembawo azigulitsidwa pompo, amawerenga buku la ndalama pamaso pa onse, ndipo amalola okayikira kuti ayambe aonera kwa anzawo.

Zoterezi sizachilendo kwa mwini golosale pa Jali kapena wachigayo pa Songani amene akufuna kuyamba kulemba malonda m'buku kapena kulandira ndalama pafoni. Wantchito wake amayamba wadzifunsa ngati njira yatsopanoyo yabwera kudzamuthandiza kapena kudzamugwira.

Pa Kachulu mayeso aakulu amachokera kunyanja komweko. Mu 2018 mabwato anangoti mbwee pamatope ouma, anthu nkumapita ku Chisi wapansi ndi panjinga. Shedi yabwino chotani singaumitse nsomba zomwe kulibe, ndipo amalonda ambiri anayamba adalira maganyu, ulimi ndi tina ndi tina. Madzi anabwerera ndi mvula yamphamvu ya kumayambiriro kwa 2019, ndipo mabeseni anayambanso kundandalika pa doko m'mamawa.