Kabokosi kamodzi, eni ake ambirimbiri

Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 3 wa ku Ndirande anandibweretsera kabokosi kakuda, kaja koonerapo mafilimu a pa intaneti pa TV. Bambo ake anakagula ku Limbe, koma kanangogwira miyezi itatu n'kuzima. "Aphunzitsi, kodi kafa basi?" Ndinatenga sikuludiraiva n'kukatsegula pamaso pa kalasi yonse.

Vuto linali laling'ono: adaputala inapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Pa adaputalapo panalembedwa 5V 2A. Mukukumbukira P = VI? Ndiye kuti siingapereke mphamvu yoposa mawati 10. Kachitsulo komatidwa pamwamba pa chip kaja ntchito yake n'kuchotsa kutentha, zomwe tinaphunzira pa conduction zija. Koma chimene chinatenga nthawi yathu ndi funso la mtsikana wina kumbuyo: "Nanga anapanga kabokosi aka ndani?"

Funso limeneli ndi lovuta kuposa mmene likumvekera. Dzina lolembedwa kunja nthawi zambiri ndi la wogulitsa chabe. Chip ya m'mabokosi ambiri otere imachokera ku makampani monga Amlogic, Rockchip kapena Allwinner. Nawonso ubongo wa chipyo sanauyambe okha. Amagula chilolezo cha pulani yake ku kampani ya Arm ya ku Cambridge ku England, yomwe inayamba mu 1990. Arm inatchuka pogulitsa mapulani, osati pokhala ndi fakitale. Zili ngati katswiri wojambula pulani ya nyumba amene amakulipiritsani potenga pulaniyo, kenako n'kulandiranso kangachepe pa nyumba iliyonse yomangidwa ndi pulani imeneyo. Kusindikiza chip yeniyeniyo kumachitika kwinanso, m'mafakitale monga TSMC ya ku Taiwan. Ngakhale kabowo ka HDMI kali ndi eni ake, ndipo wopanga zinthu mwachilungamo amalipira kuti akagwiritse ntchito.

Wopanga chip amaperekanso chitsanzo cha bolodi yonse, chomwe amachitcha reference design. Mafakitale ang'onoang'ono amangotsatira chitsanzocho, n'kusintha pulasitiki ya kunja ndi dzina. N'chifukwa chake mabokosi awiri a mayina osiyana ukawatsegula umapeza m'kati muli ngati mapasa. Kampani ya Roku ya ku America inachita zotere poyera mu 2014, pomwe inalola TCL ndi Hisense kupanga ma TV pogwiritsa ntchito pulani ndi pulogalamu yake.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Dekoda ya Kiliye Kiliye, ya kampani ya boma ya MDBNL, imatsatira muyezo wa DVB-T2 umene unakonzedwa ku Ulaya. Iyo imalandira mafunde a wailesi kudzera pa eriyo, pomwe kabokosi ka mnyamata uja kamafuna bandulo. Njira n'zosiyana, koma zonse zimatsamira pa nzeru zomwe wina analembetsa kuti n'zake.

Tsono apa ndi pomwe thumba la makolo anu likukhudzidwa. Android aliyense angathe kuitenga mwaulere, koma kuti bokosi livomerezedwe ndi Google liyenera kuyesedwa kaye. Opanga ena amadumpha zimenezi kuti mtengo utsike. Zotsatira zake, pa katoni alemba 4K koma Netflix ikuoneka mwachimbuuzi, chifukwa bokosilo lilibe loko wotchedwa Widevine L1 amene eni mafilimu amafuna. Choopsa kwambiri, mu 2025 bungwe la FBI linachenjeza kuti mabokosi ena osavomerezeka amabwera ali kale ndi mapulogalamu oipa, ndipo akuba amadutsira pa intaneti yanu osadziwa inu. Bandulo mwagula movutikira, wina akudya nawo.

Ine sindinena kuti chotchipa chilichonse n'choipa, ndalama n'zovuta tonse tikudziwa. Koma musanalipire, pemphani wogulitsa akuyatsireni, mulowe mu Play Store, muone ngati pa Play Protect akuti chipangizocho n'chovomerezeka. Akayamba kukwiya kapena kukuuzani kuti magetsi palibe, pitani shopu ina.

Mnyamata uja tinam'pezera adaputala ina ya 5V, kabokosi kanayaka. Titayang'ana pa Play Protect, tinapeza kuti n'kosavomerezeka. Anati akawauza bambo ake akadya kaye nsima.