Kuwedza Ncheni: Mbedza Imatsata Mphepo

Ife a m'mbali mwa nyanja tikamva za usodzi timangoganiza za makoka, chilimira ndi matchera. Mbedza timaiyesa ya ana. Koma pitani ku Makawa, ku Namiasi kapena ku Malindi mukaone madoda amene akudyetsa mabanja awo ndi chingwe, mbedza ndi bwato logoba basi. Nsomba yawo yaikulu ndi ncheni, ija yaitali ya mano akuthwa, imene moyo wake wonse ndi wothamangitsa usipa.

Tsono popeza ncheni imatsata usipa, woiwedza ayenera kudziwa kumene usipa uli, ndipo zimenezi zimasintha ndi nyengo.

Tiyambe ndi mwera, umene umaomba kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera, ndipo imakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto. Madziwo akachoka, kuno kwathu kumatumphuka ena ozizira ochokera pansi, odzaza ndi chonde. M'chondemo mumaswana tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, chakudya cha usipa ndi utaka. N'chifukwa chake chigawo chino cha Mangochi chimaposa zigawo zina zonse za Nyanja ya Malawi pa nsomba. Mphepo yomwe timaidandaula ija ndi imene imatiphikira ndiwo.

Komatu mwera ndi wakupha. Palibe doko lopanda banja limene linalirapo maliro chifukwa cha iwo. Wabwato logoba amalawira m'bandakucha nyanja ikadali bata, sapita kutali ndi mtunda, ndipo akangoona mafunde ayamba kuyera nsonga amakulunga chingwe, kaya nsomba zikudya chotani. Anyamata ena amati kubwerera msanga ndi mantha. Ife tikuti ana kunyumba angagone ndi masamba otendera, mawa n'kudzadya nsomba bambo awo ali moyo.

Mu Seputembala mphepo imagwa, nyanja n'kuyera mpaka kuona mchenga pansi. Pofika Okutobala dzuwa limaswa mtengo, mpoto n'kuyamba. Apa nthawi yabwino ndi m'mawa kwambiri ndi chakumadzulo. Masana wowedza amawonjezera mtovu kuti nyambo itsike. Yang'ananinso mbalame. Pamene zikudumphira m'madzi pali usipa, ndipo pansi pa usipawo pali alenje ake.

Nyengo imeneyi ndi imenenso alendo a m'mahotela a ku Nkopola ndi ku Cape Maclear amakoka nyambo zawo zabodza kumbuyo kwa boti la injini. Ndi kansomba ka mtengo kapena pulasitiki, kokhala ndi kamlomo kutsogolo. Pokakoka, madzi amagunda kamlomoko, ndiye kamamira pang'ono n'kumagwedezeka ngati nsomba yovulala. Kamlomo kakafupi kamayendetsa nyambo chapamwamba, kakatali kamaimiza kwambiri. Msodzi wa ku Finland, Lauri Rapala, anasema yake yoyamba mu 1936, ndipo dzina lake lili pa nyambo zotere mpaka lero. Ku America amagwirira nsomba yotchedwa bass, imene kuno imapezeka m'madamu ena koma m'nyanja yathu mulibe. Ncheni nayo imaluma kansombaka. Vuto ndi mtengo wake: chingwe chikaduka ndi mano aja, ndalama zapita. Usipa wauwisi wokoleka bwino pa mbedza sunatikhumudwitsepo.

Mvula ikagwa, mitsinje imatsitsa matope, madzi a m'mbali n'kufiira. Ncheni imasaka ndi maso, choncho timaifuna kutsogolo kumene madzi ayera. Ena amatembenukira kwa kampango ndi mlamba, poti izo sizisowa kuwala pofuna chakudya.

Kuyambira mu Novembala boma limatseka makoka kwa miyezi ingapo kuti chambo chiswane. Amene anaona za ku Nyanja ya Malombe safunsa chifukwa. M'zaka za m'ma 1980 chambo chinali mbwee kumeneko, koma maukonde a maso ang'onoang'ono anachikokolola mpaka chinasowa, ndipo mu 1993 anayambitsa makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake aziteteza nsomba. Chambo cha ku Malombe sichinabwererebe mwakale.

Mbedza sikokolola ana a nsomba kapena kugumula zisa za chambo pamchenga. Pa miyezi yotseka ija, pamene makoka ayanikidwa pamtunda, m'nyumba zambiri ndiwo zimachokera pa chingwe cha agogo ndi mdzukulu wawo wopalasa bwato.