Songwe Akasefukira, Mayi Wapakati Apite Kuti?

Mtsinje wa Songwe, umene ulekanitsa dziko lathu ndi Tanzania, ukasefukira m'dzinja ndi kumiza minda ya mpunga ya kwa Mfumu Mwakaboko, tonsefe timafulumira kuwerenga matumba a ufa ndi matenti amene a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (DoDMA) atumiza; koma ine mtima wanga umathamangira kwa mayi wapakati, pakuti nthawi yake yakuchira sidikira kuti madzi aphwe, monganso sinadikire pamene zivomezi za mu December 2009 zinagwetsa nyumba zambiri m'Karonga.

Odziwa za chithandizo cha pangozi amawerengera kuti mwa anthu 100 othawa kwawo, pafupifupi 4 amakhala oyembekezera, ndipo mwa oyembekezera 100, pafupifupi 15 adzakumana ndi zovuta zofuna chipatala, makamaka kutaya magazi, kumene kungachotse moyo m'maola awiri okha. Bungwe la UNFPA limagawa kathumba kooneka konyozeka, kokhala ndi sopo, pulasitiki yoyala pansi, lezala latsopano ndi ulusi womangira mchombo, kuti khanda lisagwidwe ndi kafumbata. Komatu kathumbako sikangalowe m'malo mwa mzamba wophunzira.

Popeza madzi saiwala khwawa, ndikupempha mafumu ndi azibambo kuti mayi amene mwezi wake wayandikira aperekezedwe kukadikira ku chipatala, kaya cha Kaporo kaya cha boma ku Karonga, msewu usanaduke. Ndipo iye amene akumwa ma ARV anyamule mankhwala ndi buku lake lachipatala asanaganize za mapoto, pakuti kudukiza mankhwalawo kuika mwana pa chiopsezo cha kachilombo.