BALA LA MUMTIMA LIMACHEDWETSA KUCHIRA KWA THUPI

Anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi amadziwa chinthu china chimene sichilembedwa m'buku la wodwala. Anthu awiri a msinkhu umodzi akhoza kudwala nthenda imodzimodzi, nalandira mankhwala ofanana pa zenera limodzi, koma pakutha miyezi itatu wina wayamba kale kugwira khasu pamene mnzake akungowondabe. Nthawi zina chifukwa chake chimakhala njala, mowa, kapena kutalika kwa ulendo wa kuchipatala. Koma kawirikawiri, wodwala wachiwiriyo akafunsidwa mofatsa, zimapezeka kuti wasenza chinthu cholemera chimene sanauzepo munthu: mwana amene anakokoloka ndi madzi iye akuona, kumenyedwa m'banja zaka zambiri, kugwiriridwa ali mtsikana, kapena maliro amene anadza motsatizana osampatsa mpata wakulira.

Dziko lino silisowa anthu otere. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inathamangitsira kuno anthu oposa 1,000,000, ndipo ena a iwo anakwatira nakhazikika ku Nsanje, ku Mulanje, ku Ntcheu ndi ku Dedza, pamodzi ndi zonse zimene maso ao anaona. M'mwezi wa Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi nakwirira midzi ku Phalombe. Ana amene anaika makolo ao onse awiri m'zaka zija Edzi inalibe mankhwala, lero ndi akuluakulu, ndipo ena ndiwo amakhala pamzere wa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kum'mwera, nasiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala. Zilonda za pakhungu zinapola kale. Za mumtima, kwa ambiri, zikali zaziwisi.

Kodi chisoni ndi mantha zimalowa bwanji m'thupi? Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Munthu akakumana ndi fisi usiku, timadzi timeneti timathiridwa m'magazi nthawi yomweyo. Mtima umagunda mofulumira, magazi amathamanga, chiwindi chimatulutsa shuga kuti miyendo ipeze mphamvu zothawira, ndipo ntchito zosafulumira, monga kugaya chakudya ndi kupoletsa zilonda, zimayamba zaima kaye. Zonsezi n'zabwino, pakuti zimapulumutsa moyo. Fisi akapita, thupi limabwerera mwakale.

Koma kwa munthu amene anaona zoopsa kwambiri, thupi nthawi zina silibwerera mwakale. Limakhala ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kunja kwacha. Mvula ikangogunda pa malata, mtima umayamba phaphapha. Tulo sitibwera, ndipo tikabwera timadza ndi maloto a tsiku lomwe lija. Munthu amadzidzimuka ndi chitseko chomwe, amapsa mtima msanga, amalambalala njira ya kumtsinje. Zikapitirira miyezi ndi zaka, kuthamanga kwa magazi kumavuta kutsika ngakhale wodwala akumwa mankhwala, shuga amakwera, ndipo chitetezo cha m'thupi chimafooka pa nthawi imene chikufunika kwambiri.

Izi zinayesedwa ndithu. Mu 1995 akatswiri a ku Ohio, m'dziko la America, anacheka kabala kakang'ono pa mkono wa amayi a magulu awiri. Gulu loyamba linali la amayi amene anakhala zaka akusamala abale odwala nthenda yoiwalaiwala ya ukalamba, usana ndi usiku. Mabala a gulu limeneli anatenga masiku pafupifupi 49 kuti apole, pamene a amayi enawo anatenga masiku 39. Ku San Diego, m'dziko lomwelo, Dr Vincent Felitti ndi anzake anafunsa anthu oposa 17,000 za ubwana wao pakati pa 1995 ndi 1997. Anapeza kuti amene anakula akumenyedwa, akuzunzidwa, kapena akuona amayi ao akumenyedwa, anadwala nthenda za mtima, za mapapo ndi za chiwindi koposa anzao atakula. Izi sizitanthauza kuti aliyense wovutika paubwana adzadwala. Ambiri amakalamba ndi mphamvu zao. Zitanthauza kuti katundu wa mumtima amalemetsa thupi monga amachitira katundu wa pamutu.

Njira yachiwiri, ndipo mwina ndiyo yopha anthu ambiri kuno kumidzi, ndi ya kumwa mankhwala. Matenda a mgonagona amafuna khama la tsiku ndi tsiku. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6 osadumpha. Ma ARV ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi amamwedwa moyo wonse. Khama lotere limafuna munthu amene akuona chifukwa chokhalira moyo. Amene mtima wake unasweka amaiwala tsiku lokatenga mankhwala, sakhumba nsima, ndipo ena amathawira ku kachasu kuti apeze tulo. Wodwala chifuwa chachikulu akalekeza mankhwala panjira, tizilombo timakhwima ndi kuleka kumva mankhwala aja, kenaka amapatsira a m'nyumba mwake nthenda yovuta kuchiza. M'buku la kuchipatala mumangolembedwa kuti wodwala anathawa mankhwala. N'zomvetsa chisoni kuti munthu wotere amalandiridwa ndi chidzudzulo akabweranso, popanda womfunsa chimene chinamgwera.

Makolo anadziwa kuti chisoni chimafuna anthu. N'chifukwa chake anamfedwa sagona okha pasiwa, ndipo mudzi wonse umasonkhana kudzalira nao. Koma pali zisoni zina zimene mwambo suzipatsa malo. M'madera ambiri khanda lobadwa lakufa limaikidwa ndi amayi okha mwakachetechete, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asalire. Mabanja ena a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe sanapeze konse matupi a abale ao, kotero alibe manda okaonapo. Mtsikana wogwiriridwa ndi wachibale amauzidwa kuti asunge ulemu wa banja. Mnyamata amaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Mau akuti "zinapita zimenezo, iwalani" amanenedwa ndi mtima wabwino, koma amatseka pakamwa pa munthu amene anali pafupi kuyamba kulankhula.

Ku Zimbabwe anapeza njira yosadula. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mumzinda wa Harare, kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu odwala chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka mankhwala, ndiponso saweruza mlandu. Amamva nkhani yonse, nathandiza munthu kusankha vuto limodzi loyamba nalo, ndipo amakumana naye kasanu ndi kamodzi. Zotsatira zinalengezedwa mu 2016: patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 okha anali akadali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pamene mwa amene sanakhalepo anali pafupifupi 50. Ena mwa anthuwa anali ndi kachilombo ka HIV.

Pano pafunika kuchenjeza. Kulankhula sikupha tizilombo ta chifuwa chachikulu, ndipo sikulowa m'malo mwa mankhwala a shuga. Aliyense wouza wodwala kuti nthenda yake ndi maganizo chabe, kapena kuti ataye mankhwala popeza wapemphereredwa, akumkumbira manda. Ndiponso kulota zoopsa ndi kudzidzimuka si misala, si kulodzedwa, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi m'mene thupi la munthu aliyense lingachitire likaona zopyola muyeso.

Wodwala matenda a mgonagona amene wakhala mwezi wathunthu osagona bwino, akuona zakale zija ngati zikuchitika lero, kapena wataya chilakolako cha zinthu zonse, ayenera kunena zimenezi kwa namwino kapena dokotala tsiku lokatenga mankhwala, monga momwe anganenere za chifuwa kapena kutupa miyendo. Akhoza kupempha kuti alankhule pambali, ndipo sakakamizidwa kufotokoza zonse tsiku limodzi. Womdikirira kunyumba asamkakamize kulankhula. Ndi kokwanira kukhala naye, kudya naye mbale imodzi, kumkumbutsa mankhwala, ndi kusunga chinsinsi chimene wauzidwa.

Koma wodwala akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, kapena kugawa katundu wake popanda chifukwa, asasiyidwe yekha. Mankhwala a mbeu ndi zingwe zichotsedwe m'nyumba, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. M'zipatala za maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo iwo akaona kuti n'kofunika amatumiza wodwala ku chipatala cha Zomba Mental kapena cha St John of God ku Mzuzu. Popita kumeneko atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.