Tsitsi Likayamba Kuthothoka, Funsani za Magazi



Lero tiyamba ndi cipeso. Tiyerekeze mtsikana wa Giredi 7 wa ku Kanyama, amene m'mawa uliwonse akapesa, cipeso cimabwerako citadzaza tsitsi. Poyamba sanasamale. Patapita milungu ingapo khungu la pamutu linayamba kuonekera, ndipo iye anayamba kubwera ku sukulu atamanga citambala. Anzake amuseka. Amai ake agula mafuta a tsitsi a mitundu itatu ku msika wa Soweto. Azakhali anong'ona kuti kapena pali wina amene anatola tsitsi la mwanayo napita nalo kwa sing'anga. Koma palibe wafunsa cifukwa cimene mtsikanayo amawodzera m'kalasi dzuwa lisanakwere, kapena cimene amapumira wefuwefu akasenza cigubu ca madzi kucokera ku mpopi. Kawirikawiri zonsezi muzu wake ndi umodzi, ndipo uli m'magazi.

M'thupi la munthu muli citsulo, cimene a cipatala amacicha ayironi. Ncocepa ndithu: mwa munthu wamkulu muli magalamu 3 kapena 4 okha, kulemera kwake ngati kamsomali kamodzi. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ayironi ameneyu ali m'timaselo tofiira ta magazi, m'cinthu cochedwa hemoglobini, cimene cimatenga mpweya m'mapapo ndi kuufikitsa ku ziwalo zonse. Wina amasungidwa m'ciwindi ndi m'kati mwa mafupa, monga cimanga m'nkhokwe. Kaselo kofiira kamakhala masiku ngati 120. Kakafa, thupi limatenganso ayironi wake kupangira katsopano. Koma magazi akataika, ayironi wataika nawo, ndipo ngati cakudya sicibwezera, nkhokwe ija imayamba kutsika.

Nanga tsitsi lilowapo bwanji? Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000. Lililonse limakula sentimita imodzi pa mwezi kwa zaka 2 kufikira 6, kenaka limapumula miyezi ngati itatu, niligwa, lina niliphuka pamalo pake. Cotero kutaya tsitsi 50 kapena 100 pa tsiku si matenda ai. Koma nkhokwe ikacepa, thupi limacita monga mai wanzeru m'caka ca njala: limayamba lapatsa mtima, ubongo ndi minofu, tsitsi nkukhala lomalizira. Pamenepo tsitsi lambiri limaleka kukula nthawi yake isanakwane, ndipo limadzagwa patapita miyezi iwiri kapena itatu. Aphunzitsi, mfundo imeneyi muilembe pa bolodi, pakuti ndiyo imasokoneza anthu ambiri: tsitsi ndi mthenga wofika mocedwa. Limene likugwa mu June likunena za njala ya magazi imene inayamba kale mu March, mwina kumbuyo kwakenso.

Si kuthothoka konse kumene kumacokera ku ayironi, ndipo maso a mphunzitsi angathandize kusiyanitsa. Pakakhala zigamba zozungulira, zotuwa ndi zoyabwa, cimeneco ndi cipere, ndipo cili ndi mankhwala ake. Tsitsi likatha m'mbali mokha, pamphumi ndi pamwamba pa makutu, funsani za malukidwe. Ulusi wokoka kwambiri umazula tsitsi pang'onopang'ono. Mwana wamng'ono wa tsitsi lofiirira ndi lofewa, wotupa miyendo, akusowa cakudya comanga thupi ndipo afunika cipatala lero lomwe. Kuthothoka kwa ayironi kumakhala mutu wonse mofanana, ndipo kumadza ndi anzake: kutopa, cizungulire, zikhato ndi m'kati mwa zikope motuwa, zikhadabo zosweka msanga. Ena amalakalaka kudya dothi, lomwe lija ligulitsidwa m'misika yathu. Mwana wotere musamukalipire. Cilakolako cimeneco ndi cizindikilo.

Bvutoli si la nyumba imodzi. Kafukufuku wa za umoyo wa dziko lonse la Zambia wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a miyezi 6 kufikira zaka zosakwana 5, ana 58 anali ocepa magazi, ndipo mwa akazi 100 a zaka 15 kufikira 49, anali 31. Si onse amene anasowa ayironi yekha. Malungo amaswa timaselo tofiira. Likodzo limatulutsa magazi m'mkodzo. Njoka zina za m'mimba zimalowa pa khungu la mapazi ndi kuyamwa magazi m'matumbo, cifukwa cace nsapato nzofunika m'nyengo ya dzinja, pamene madzi adzaza m'njira za m'komboni, zimbudzi nizisefukira. Mtsikana amene wakula msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi panthawi yomweyo imene thupi lake likukula msanga. Palinso matenda obadwa nawo a sickle cell, amene mapilitsi a ayironi sawaciritsa. Ndico cifukwa cake sitiyamba ndi kugula mankhwala m'kantemba. Tiyamba ndi kupimitsa magazi, kaya ku cipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama, kaya ku kiliniki ya Kalingalinga, Mtendere kapena George. Kadontho ka magazi a pa cala nkokwanira kuonetsa mlingo wa hemoglobini.

Tsopano za m'mbale. Ayironi wa m'nyama ndi m'nsomba ndiye amalowa bwino m'thupi: ciwindi, nyama yofiira, ndi kapenta wa ku Siavonga kapena Mpulungu, amene timadya wathunthu. Tidziwa kuti nyama siipezeka masiku onse. Nyemba, nshawa, bondwe, cibwabwa ndi kalembula nazonso zili ndi ayironi, kungoti wake amalowa mobvutikira, ndipo afuna womutsegulira khomo. Womutsegulirayo ndi vitamini C, wa m'matimati, magwafa, malalanje ndi mandimu. Ngakhale kapenta wapang'ono m'ndiwo zamasamba amathandiza. Tiyi ndiye amatseka khomolo. Mwana wongomwa tiyi ndi citumbuwa m'mawa, namwanso tiyi pambuyo pa nsima, amadzimana zambiri. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri cakudya citatha. Ndipo ngakhale ambiri a ife timanyadira ufa woyera wa breakfast, wa roller ndiwo umasunga zambiri za m'njere ya cimanga. Pano wochipa ndiye wopambana.

A cipatala akapereka mapilitsi a ayironi, pamafunika kupirira. Cimbudzi cimada bii, m'mimba nthawi zina mumauma. Zimenezi zisakuopseni, koma zikanyanya bwererani mukanene. Mphamvu zimayamba kubwera m'milungu yocepa, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekera. Kumeneko nkulakwa, pakuti magazi akakwanira pamatsala kudzaza nkhokwe, nchito ya miyezi ina ngati itatu. Tsitsi, monga linacedwa kubweretsa uthenga woipa, limacedwanso ndi wabwino: lingapitirize kugwa kwa kanthawi mankhwala atayambika, ndipo lophuka limatalika sentimita imodzi yokha pa mwezi. Mapilitsi amenewa asungidwe patali ndi makanda, pakuti mwana wamng'ono akameza ambiri angathe kufa.

Aphunzitsi, mtsikana uja wa citambala musamubvule pamaso pa anzake, ngakhale lamulo la yunifomu litanena zina. Muitanireni pambali, muone zikhato zake, ndipo mulembere makolo kakalata kowapempha kupita naye kokapimitsa. Ana inu, nchito yanu ya mlungu uno nayi: lembani m'kope ndiwo zimene mwadya masiku 7, ndipo patsogolo pa tsiku lililonse muonetse ngati munamwa tiyi pamodzi ndi cakudyaco. Lolemba mubwere nalo kopelo m'kalasi.