Liwiro la Amayi Likufuna Ochemerera: Nanga Ife Tiime Pati?

Madzulo a pa 26 September 2024, pa bwalo la Icahn mu mzinda wa New York ku America, panachitika mpikisano wa liwiro wachilendo ndithu. Othamanga onse anali amayi okhaokha, 36 onse pamodzi, ndipo mipikisano yake inali isanu ndi umodzi basi, kuyambira wa mamita 100 kulekeza wa mamita 1,500. Aliyense wopambana analandira madola 60,000 ndi kuvekedwa chisoti chachifumu. Ndalama imeneyi inali yowirikiza kawiri imene wopambana ankalandira pa ndime yomaliza ya Diamond League chaka chimenecho. Mmodzi wa opambanawo anali Faith Kipyegon wa ku Kenya. Mpikisanowu anaupatsa dzina loti Athlos, ndipo mwini wake ndi mpondamatiki Alexis Ohanian, mwamuna wa katswiri wa tenisi Serena Williams.

Kodi munthu angatayirenji chuma chotere pa liwiro la amayi? Yankho lake lili pa vuto limene masewerowa akhala nalo kuyambira kale. Anthu amaonerera liwiro kamodzi pa zaka zinayi, nthawi ya Olympics, kenaka amaiwala. Mpira wamiyendo suli choncho. Wochemerera Bullets kapena Wanderers amadziwa kuti Loweruka kapena Lamulungu timu yake ilowa m'bwalo, amadziwa osewera mayina awo, ndipo ali ndi mnzake wokangana naye pa msika. Koma mpikisano wa liwiro umatha tsiku lonse. Uku ena akuponya nthungo, uko ena akulumpha, pakati ena akuzungulira bwalo maulendo 25, ndipo mlendo sadziwa poyang'ana. A Athlos anafupikitsa zonse kuti zithe madzulo amodzi, namuonetsa wothamanga aliyense payekha kwa anthu asanayambe kuthamanga, kuti woonerera akhale ndi wake womukondera.

Nzeru imeneyi ndi yabwino, ndipo sindiona chifukwa choikanira. Koma panalinso zina zimene banja la Chisilamu silingazilandire: zoyimba zaphokoso zotsekera mwambo, ndi mavalidwe osiya thupi pamtunda. Apa ndi pamene makolo ambiri kuno kunyanja amatseka nkhani yonse, nanena kuti liwiro si la mwana wamkazi wa Chisilamu. Abale ndi alongo, tisanatseke chitseko chimenechi tiyambe taona amene anadutsapo kale.

Amayi analoledwa kuthamanga pa Olympics koyamba mu 1928 ku Amsterdam. Utatha mpikisano wa mamita 800 chaka chimenecho, akuluakulu a masewero anati mtundawo ndi wautali kwa mkazi, ndipo anauchotsa mpaka 1960. Mpikisano wa marathon, wa makilomita 42, amayi anauyamba mu 1984. Tsono maganizo akuti mkazi ndi wofooka pa liwiro sanachokere ku mzikiti. Anali a madokotala ndi atsogoleri a ku Ulaya.

Chaka chomwecho cha 1984, ku Los Angeles, mtsikana wamfupi wa ku Casablanca m'dziko la Morocco, Nawal El Moutawakel, anapambana mpikisano wa mamita 400 wolumpha zotchinga pa masekondi 54.61. Anali mkazi woyamba wochokera m'dziko la Asilamu kutenga mendulo ya golide pa Olympics, ndiponso munthu woyamba wa ku Morocco kutero. Kwawo kunali pakati pa usiku, koma anthu anatuluka m'nyumba kukasangalala m'misewu. Mfumu Hassan II inamuimbira telefoni, ndipo inalengeza kuti ana aakazi obadwa tsiku limenelo apatsidwe dzina lakuti Nawal.

Chimene chimandichititsa chidwi si mendulo ija ayi, koma zimene mayiyu anachita pambuyo pake. Mu 1993 anayambitsa mpikisano wa amayi okhaokha m'misewu ya Casablanca, wa makilomita asanu. Sunali wa akatswiri. Anabwera ophunzira, amayi apakhomo, agogo, ena atavala mijinjiro yaitali ndi mipango kumutu, ena akungoyenda ndawala. Chaka ndi chaka chiwerengero chinakula mpaka kufika zikwi makumi angapo. Taganizani: mayi mmodzi akathamanga, m'mbali mwa msewu mumaima mwamuna wake, ana ake, achemwali ake ndi oyandikana nawo nyumba. Amenewo ndiwo ochemerera atsopano, ndipo sanagulidwe ndi madola. Munthu amene anayesapo kuthamanga makilomita asanu, napuma wefuwefu, ndiye amamvetsa akamva kuti wina wathamanga mtunda womwewo pa mphindi 14. Nawal anadzakhala membala wa komiti yaikulu ya Olympics mu 1998, ndipo mu 2007 anasankhidwa kukhala nduna ya zamasewero m'dziko lake.

Nkhani ya Hassiba Boulmerka wa ku Algeria ndi yowawa. Iye anapambana mamita 1,500 pa mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991. Kwawo ena anamudzudzula chifukwa chothamanga miyendo ili poyera, ndipo chidzudzulocho chinasanduka ziopsezo zomupha, kotero kuti anakakonzekera Olympics kunja kwa dziko lake. Mu 1992 ku Barcelona anatenga golide woyamba m'mbiri ya Algeria. Kunena zoona, funso la mavalidwe linali loyenera kufunsidwa. Koma kuopseza moyo wa munthu sikunaphunzitse mtsikana ndi mmodzi yemwe kudziphimba. Kunangopatsa adani a Chisilamu chonena kwa zaka zambiri.

Nanga chipembedzo chathu chimati chiyani? Mu hadith imene anailemba Abu Dawud ndi Imam Ahmad, mayi wathu Aisha (RA) akusimba kuti ali pa ulendo ndi Mtumiki Muhammad (SAW), Mtumiki anauza maswahaba kuti atsogole, kenaka awiriwo anapikisana liwiro ndipo Aisha anapambana. Patapita zaka, iye atanenepako, anapikisananso pa ulendo wina ndipo Mtumiki anapambana, naseka ndi kumukumbutsa kuti wabweza za ulendo woyamba uja. Ana a ku madrasa amaikonda nkhaniyi, makamaka atsikana akamva kuti Aisha ndiye anayamba kupambana. Muli zinthu ziwiri m'menemo ndipo sitiyenera kutola chimodzi chokha. Mkazi wa Mtumiki anathamanga, ndipo Mtumiki ndiye anamuitana. Komanso Mtumiki anayamba wachotsa maso a amuna ena. Tikumbukirenso mayi Hajar, amene anathamanga maulendo asanu ndi awiri pakati pa Safa ndi Marwa kufunira madzi mwana wake Ismail. Mpaka lero aliyense wopita ku Hajj, mfumu ndi kapolo yemwe, amaponda m'mapazi a mkazi ameneyu.

Za mphotho nazonso ma ulama anazifotokoza. Ngati mphotho yaikidwa ndi munthu wapadera amene sakupikisana nawo, monga mfumu, wamalonda kapena komiti, palibe choletsa. Choletsedwa ndi kubetcherana, pamene aliyense aponya ndalama kuti wopambana atenge zonse. Imeneyo ndi juga, ndipo masiku ano yalowerera m'matelefoni a anyamata athu kudzera m'masewero omwewa.

Dziko la Iran linayesa njira yakeyake. Mu 1993 ku Tehran kunayambika masewero a amayi a m'mayiko a Chisilamu motsogozedwa ndi Faezeh Hashemi, mwana wa pulezidenti wa nthawi imeneyo. Amuna sankaloledwa kulowa pamene amayi akupikisana. Oweruza, aphunzitsi ndi oonerera anali amayi. Masewerowa anachitikanso mu 1997, 2001 ndi 2005, kenaka anazilala. Anathandiza amayi ambiri amene sakanaponda bwalo mwa njira ina iliyonse, ndipo anaphula amayi odziwa kuweruza ndi kuyendetsa masewero. Koma popeza mipikisano yambiri sinkajambulidwa kapena kuonetsedwa, opambana ake sanadziwike kunja kwa mpanda. Ulemu unasungidwa, ochemerera sanachuluke.

Amene anaonetsa kuti ziwirizi zingathe kuyendera limodzi ndi Ruqaya Al Ghasara wa ku Bahrain. Mu 2006 ku Doha, pa masewero a mayiko a ku Asia, anapambana golide pa mamita 200 atavala hijab, malaya a manja aatali ndi chovala chofika m'mapazi. Anasiya m'mbuyo anzake ovala zazifupi. Mu 2012 ku London, Sarah Attar anakhala mkazi woyamba kuthamangira Saudi Arabia pa Olympics. Anamaliza kumapeto kwenikweni pa mamita 800, koma bwalo lonse linaimirira kumuombera m'manja. Ndipo mu 2016 ku Rio de Janeiro, mpikisano uja wa Nawal anaupambana Dalilah Muhammad wa ku America, mwana wa imamu wa ku New York.

Za Sifan Hassan ndi zoti tizikambe mofatsa. Anabadwira ku Ethiopia, nafika ku Netherlands mu 2008 ngati wothawa kwawo ali ndi zaka 15. Pa Olympics ya ku Paris mu 2024 anatenga mendulo za bronze pa mamita 5,000 ndi 10,000, ndipo pasanathe masiku awiri chithamangire mamita 10,000 aja, anapambana marathon pa maola 2, mphindi 22 ndi masekondi 55. Okonza masewero anaika dala marathon ya amayi pa tsiku lotsiriza, malo amene kale anali a amuna, kuti mendulo yake iperekedwe pa mwambo wotsekera pamene dziko lonse likuonerera. Imeneyonso ndi njira yokopera anthu, ndipo siinadye ndalama. Sifan anakwera pa nsanja kukalandira golide wake atavala hijab, m'dziko limene linali litaletsa othamanga ake kuvala hijab pa masewero omwewo. Pothamanga iye savala hijab, ndipo sindikumuika pano ngati sheikh. Koma atsikana ambiri a Chisilamu amene sanaonererepo liwiro chiyambire anatumizirana chithunzi chimenecho pa telefoni.

Tibwere kwathu tsopano. Malawi ali nawo amayi othamanga. Catherine Chikwakwa anatiyimirira pa Olympics ku Sydney mu 2000 ndi ku Athens mu 2004. Asimenye Simwaka wa ku Karonga anathamanga mamita 100 ku Tokyo mu 2021 ndi ku Paris mu 2024. Pa mpikisano wokwera phiri la Mulanje, uja wa Porters Race, amayi amapikisana nawo. Koma funsani pa msika wa Mangochi, Salima kapena Nkhotakota kuti ndani akuwadziwa. Onse adzakutchulirani Mwawi Kumwenda wa netiboli, ndi Tabitha ndi Temwa Chawinga a mpira wamiyendo. Kutereku Amalawi sadana ndi masewero a amayi. Ma Queens anapeza otsatira chifukwa netiboli imaseweredwa pa sukulu iliyonse, ndipo mayi woonerera anaiponyapo yekha ali mtsikana. Liwiro limaoneka tsiku limodzi pa chaka, pa tsiku la masewero a sukulu, ndipo makolo ambiri sapitako.

Pa tsiku limenelo mudzaona atsikana a Sitandade 4 ndi 5 akuthamanga opanda nsapato, akusiya anyamata. Ndi ana okulira pa mchenga wa kunyanja, ozolowera kuthamangira kudooko ngalawa zikamakocheza ndi usipa, osenza ndowa kuchokera ku mjigo. Akafika Sitandade 7 simuwaonanso pa mzere. Mtsikana watha msinkhu, yunifolomu ya masewero ndi yaifupi, m'mbali mwa bwalo mwadzaza anyamata a pakamwa poipa, ndipo mayi ake amuuza kuti wakula. Mayiyo sanalakwe kuteteza mwana wake. Cholakwika ndi chakuti palibe amene anamusokera mwanayo chovala china, kapena kumukonzera bwalo lina.

Zimenezi sizifuna madola 60,000. Telala wa pa Monkey Bay kapena Makanjira angathe kusoka buluku lotaya la nsalu yopepuka, malaya ofika m'mawondo ndi mpango wosavuka pothamanga. Magulu a amayi a dawa, amene amatha kusonkhanitsa mazanamazana pa ijtima ndi kuwaphikira onse, sangalephere kukonza m'mawa umodzi wa liwiro pa bwalo la sukulu, tsiku lotsatira Eid, oweruza ndi ogwira chingwe ali amayi okhaokha. Pa Athlos tingabwerekepo chinthu chimodzi: mwambo ukhale waufupi, mipikisano yochepa, ndipo mtsikana aliyense atchulidwe dzina ndi mudzi wake asananyamuke, kuti a kwa Mponda adziwe wowachemerera ndipo a ku Malindi akhale ndi wawo. Pa Casablanca tibwerekepo china: pakhale mtunda wa amayi akuluakulu, ngakhale woyenda ndawala, chifukwa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi alowa kale m'makomo mwathu, ndipo madokotala amalangiza kuyenda ndi kulimbitsa thupi.

Funso lotsala ndi la abambo. Ena adzati mwamuna aliyense asayandikire. Ena adzati bambo wa mwana ndi mlongo wake ndi mahram, ndipo ngati atsikana avala modziphimba palibe chowaletsa kukhala mbali yawo. Limeneli aliweruze ndi masheikh a dera lililonse pamodzi ndi amayiwo, ndipo aliweruze msanga, mvula isanagwe ndi kusandutsa bwalo matope. Koma mphotho, kaya ndi mbuzi, kaya makope ndi fizi ya teremu imodzi, ameneyo ndi udindo wa abambo a pa mzikiti, ndipo iperekedwe pamaso pa anthu Lachisanu lotsatira ikatha swala ya Jumu'ah.