Anamangidwa dzulo, bwanji lero ali kunyumba?

Ana anga, senderani pafupi tichezeko. Kodi munamvapo akuluakulu akunong'onezana kuti, "Uje uja anatengedwa ndi apolisi dzulo, koma taonani lero akulima kudimba"? Ena amangoti kukamwa yasa. Ena amafulumira kunena kuti wathawa, kapena wapereka chiphuphu. Kodi akunena zoona? Nthawi zambiri ayi. Munthuyo amakhala kuti wapatsidwa belo.

Nanga belo n'chiyani? Ndi chilolezo choti munthu womangidwa apite kwawo, akadikire tsiku la mlandu wake ali kunyumba. Apolisi amamulembera pepala. Papepalapo pamakhala dzina lake, mlandu umene akumuganizira, ndi tsiku limene ayenera kukaonekera kukhoti. Iye amasaina. Ngati sadziwa kulemba, amadinda ndi chala. Akatero ndiye kuti walonjeza kuti adzabwera. Taganizani aphunzitsi aakulu atakuuzani kuti, "Pita kunyumba, koma Lolemba ubwere ku ofesi tidzakambirane." Mwapitadi kunyumba. Mwadya nsima, mwasewera, mwagona. Koma kodi nkhani ija yatha? Ayi ndithu, ikukudikirani Lolemba.

N'chifukwa chiyani samangomusunga m'chitokosi mpaka mlandu utatha? Apa ndi pamene ine azakhali anu pamandisangalatsa kwambiri. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene anakhazikitsidwa mu 1994, amati munthu aliyense ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Tamvetsetsani bwino. Wapolisi amene wamugwira sangagamule kuti ndi wakuba. Amene wamuneneza sangagamule. Ngakhale mudzi wonse utamuloza chala, sungagamule. Ntchito imeneyo ndi ya khoti, litamva mbali zonse ziwiri. Tsono tsinzinani pang'ono. Onani m'maganizo mayi wogulitsa tomato amene wanamiziridwa. Akhale motsekeredwa miyezi itatu. Kenako khoti linene kuti sanalakwe. Tomato uja wawola. Ana ake agona ndi njala. Kodi ndani angamubwezere miyezi itatu ija? Palibe, ana anga. Palibiretu. N'chifukwa chake ine ndimati amene anaganiza zoti kukhale belo anaganiza bwino zedi.

Kodi apolisi angamusunge munthu masiku angati asanamutengere kukhoti? Tiyeni tiwerengere limodzi. Lamulo limati maola 48. Tsiku limodzi lili ndi maola 24. Ndiye maola 48 ndi masiku angati? Mwakhoza, awiri! Munthu akamangidwa Lolemba 9 koloko m'mawa, pofika Lachitatu 9 koloko m'mawa ayenera kukhala ataonekera kukhoti, apo ayi amutulutse. Tsopano yesani nokha: bwanji akamangidwa Lachiwiri masana? Werengani ndi zala. Nanga akamangidwa Lachisanu? Apo pali kamsampha, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu makhoti sagwira ntchito. Zikatero apolisi ayenera kupita naye kukhoti tsiku loyamba limene khoti latsegula.

Kodi belo imagulidwa ndalama zingati? Imvani bwino, ndipo mukauze a kunyumba: belo ya kupolisi ndi yaulere. Simulipira ngakhale tambala imodzi. Wapolisi amene angapemphe ndalama kuti atulutse munthu pa belo, ameneyo akuphwanya lamulo. Belo ya kukhoti ndi yosiyanako. Woweruza atha kulamula kuti munthu asiye ndalama ngati chikole. Ndalamazo amapatsidwa risiti yake. Akamabwera kukhoti mosajomba mpaka mlandu kutha, amakazitenganso.

Ndiye aliyense womangidwa amapatsidwa belo? Ayi. Apolisi ndi oweruza amayamba adzifunsa mafunso. Kodi munthuyu ali ndi kwawo kodziwika? Sathawa? Sakaopseza mboni? Sakabisa umboni? Sakapweteka wina? Dziko lathu lili ndi lamulo la chaka cha 2000 limene limawatsogolera pa mafunso ngati amenewa. Pa milandu ikuluikulu, monga yakupha munthu, apolisi sangapereke belo. Ngakhale majisitireti sangapereke. Zimenezo zimapita ku khoti lalikulu, lomwe limapezeka ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Nanga angatsimikize bwanji kuti munthuyo adzabweradi? Kawirikawiri amafuna kuti pakhale omuimira. Atha kukhala amalume ake, mlongo wake kapena mnansi wokhulupirika. Iwo amanena kuti, "Timamudziwa uyu, tidzaonetsetsa kuti wabwera." Si nkhani yamasewera, chifukwa iye akathawa, omuimirawo atha kulipitsidwa ndalama. Ena amauzidwanso kuti azikaonekera kupolisi pa masiku amene apatsidwa. Ena amasiyitsidwa pasipoti kuti asatuluke m'dziko. Tadzifunsani: mwa anthu amene mumawadziwa, ndani amene mungamuimire mosakayika? Chifukwa chiyani ameneyo?

Bwanji tsiku lija likakwana iye osabwera? Khoti limalemba chikalata choti amangidwenso. Akagwidwa, belo ija itha kulandidwa. Ndiye amakadikira mlandu wake ali kundende, monga ku Chichiri mumzinda wa Blantyre kapena ku Maula mumzinda wa Lilongwe. Kumeneko anthu ndi othithikana kale, malo ogona ndi ochepa. Nanga ngati wadwala? Atume wachibale akadziwitse khoti, atatenga kalata ya kuchipatala. Kungokhala phee kunyumba ndiye kolakwika.

Tsono funso limene ndikudziwa kuti likukuyabwani: kodi mwana naye angamangidwe? Kuno ku Malawi mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu. Mwana wamkulupo akaganiziridwa kuti walakwa, pali lamulo la chaka cha 2010 limene limamuteteza. Apolisi ayenera kudziwitsa makolo ake kapena womulera. Sayenera kumutsekera pamodzi ndi akuluakulu. Nthawi zambiri amamupereka m'manja mwa makolo ake, iwo n'kulonjeza kuti adzabwera naye pa tsiku lake. Ana ali ndi khoti lawolawo. Kumeneko sikulowa chigulu cha anthu odzaonerera, ndipo dzina la mwanayo silitchulidwa pawailesi kapena m'nyuzipepala. Pa zolakwa zing'onozing'ono, nkhani itha kuthera pa kupepesa, kubweza chimene chinatengedwa ndi kulandira uphungu. Kodi si zokoma zimenezi? Cholinga n'chakuti mwanayo abwerere kusukulu, akule bwino.

Kodi inu mungachitepo chiyani? Zilipo, ngakhale ndinu aang'ono. Ngati bambo a mnzanu ali pa belo, musamuseke mnzanuyo. Musamutchule mwana wa wakuba, pakuti khoti silinanene kanthu. Sewerani naye monga mwa masiku onse. Ngati kwanu kuli wachibale amene ali pa belo, tengani pepala mujambule kalendala. Zungulizani tsiku la kukhoti ndi cholembera chofiira, muipachike pakhoma. Ngati mumatha kuwerenga, awerengereni agogo zimene zalembedwa papepala la belo lija.

Loweruka likubwerali, itanani anzanu anayi muchite sewero. Wina akhale wapolisi, wina woganiziridwa, wina womuimira, wina woweruza, inu mukhale mboni. Lembani pepala lanu la belo, ndipo musaiwale kuikapo tsiku. Wapolisi wa m'sewero lanu akapempha ndalama, nonse mufuule kuti, "Belo ya kupolisi ndi yaulere!" Ndipo ngati inu kapena mnzanu ali pa vuto lenileni, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kapena imbani 116. Imeneyi ndi nambala yothandiza ana, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.